Mphepete iti ya mzere?

Mmisiri wolemba mizere m'bwalo la racquetball amayamba ndi funso limene wosewera salabadira: tepi yoyezera igwire mphepete iti ya mzere? Mzere uliwonse m'bwaloli ndi wa inchi imodzi ndi theka m'lifupi, ndipo malamulo amatchula mwatchutchutchu kuti muyeso ukuthera kutsogolo kapena kumbuyo kwake. Akasokoneza pamenepa, utoto ukhoza kuwala bwanji, bwalolo ndi lolakwika.

Chipindacho ndi cha mafiti 40 m'litali, 20 m'lifupi ndi 20 kuchoka pansi kufika kudenga, ndiye kuti pafupifupi mamita 12.2 ndi 6.1. Muyesowu ndi wobwereka. Joe Sobek, yemwe anayambitsa masewerawa mu 1950 pa YMCA ya ku Greenwich m'chigawo cha Connecticut, anapeza mabwalo a handball ya ku America alipo kale, ndipo anangolowamo ndi chomenyera chake.

Mayi wa mizere yonse ndi short line. Dzinali limanyenga, chifukwa mzerewu si waufupi ayi: umadutsa bwalo lonse kuchokera khoma lam'mbali kufika linzake, ndipo mphepete yake yakumbuyo ili mafiti 20 kuchokera kukhoma lakutsogolo, pakati penipeni. Chachifupi ndi mpira. Woyambitsa akamenya mpira kukhoma lakutsogolo, pobwerera uyenera kudumpha mzerewu usanagwe pansi. Ukagwa pamzere kapena usanaufike, waperewera, ndipo kupereweraku ndiko kunapatsa mzere dzina.

Mafiti 5 kutsogolo kwake kuli service line, ndipo apa muyeso umathera pamphepete yakutsogolo. Mpata wa pakati pa mizere iwiriyi ndi service zone, poima woyambitsa. M'mbali mwake muli timabokosi tiwiri, mainchi 18 kuchokera kukhoma. Posewera awiriawiri, mnzake wa woyambitsayo amaima m'menemo, atafulatira khoma, mpaka mpira utadutsa short line. Pali timizere tinanso, mafiti 3 kuchokera kukhoma, totchedwa drive serve lines, toletsa munthu kuima pafupi ndi khoma n'kuwombera mpira wamphamvu pakati pa thupi lake ndi khomalo, pamene wolandira sangauone bwino.

Umene ine umandisangalatsa ndi receiving line, mzere wodukizadukiza womwe uli mafiti 5 kumbuyo kwa short line. Pano mmisiri amatuluka thukuta ndi masamu. Amayamba ndi chidutswa cha mainchi 21 kukhoma lililonse. Pa mainchi 240 a m'lifupi mwa bwalo patsala 198, ndipo amenewa amagawidwa m'mainchi 6: mipata 17 ndi tizidutswa ta utoto 16, mosinthanasinthana. Akaphonya pang'ono koyambirira, amadziwira kumapeto, pamene mpata womaliza wakana kukwana. Malo a pakati pa mzerewu ndi short line ndi safety zone, ndipo dzina limeneli silinama. Wolandira saloledwa kulowamo mpira usanagwe pansi kapena usanadutse mzere wodukizawo, kuopera kuti angamenye woyambitsa ndi chomenyera.

Amene anazolowera sikwashi akalowa m'bwaloli amayamba kumwazamwaza maso m'makoma, kufunafuna mizere ya malire ndi kachitsulo kam'munsi mwa khoma lakutsogolo. Kulibe. Ngakhale denga ndi gawo la bwalo, moti pali kamenyedwe kotchedwa ceiling shot kamene kamadalira dengalo. N'chifukwa chake osewera ali ndi liwu la malo amene mmisiri sapakapo utoto: crotch, pokumana khoma ndi pansi, kapena makoma awiri, pamene mpira umatha kunjanja mosadziwika bwino.

Ndiye kuti mizere yonse ija, ndi masamu ake onse, imalamulira kamphindi koyambitsa kokha. Wolandira akangobweza mpira, osewera amaiponda ngati palibe, mpaka wina atatola mpira n'kukaimanso pakati pa short line ndi service line.