Kumene abulu anali kupaka, ine ndinasowa malo

Ciweru cina ndinabwereka motoka ya alamu anga, ka Corolla kakale, n'kunyamuka ku Lusaka m'mamawa kupita ku Kabwe. Ndinafuna kujambula mau a pulogalamu yathu ya mbiri pa wailesi, ndipo ndinafuna kuwajambulira pansi pa Big Tree, mkuyu waukulu uja uli pakati pa tauni. Makilomita pafupifupi 140 a Great North Road ndinayenda bwino, ngakhale mathiraki anali ndondondo. Vuto linayamba pamene ndinafika.

Mtengo ndinauona ndili patali, koma poimika motoka panalibe. Kumapeto kwa mwezi, anthu alandila, aliyense ali m'tauni. Ndinazungulira katatu. Paulendo wacitatu mnyamata wina wolonda mamotoka anandithamangira akukupiza manja. "Ba boss, uko kwadzaza, bwelani kuno!" Anandipezera kampata kumbuyo kwa mashopu, ndipo tinamvana K5. Ndinayenda wapansi kubwerera ku mtengo ndikung'ung'udza, kuti tauni imene ife a ku Lusaka timaiseka kuti inagona yandimana paking'i.

Nditakhala pamthunzi ndiye ndinadziseka. Malo amene ndinalephera kupakapo ndiwo anali paking'i yoyamba ya tauni iyi.

Mvetserani mmene zinakhalira. Mu 1902 mzungu wina wofufuza miyala, T. G. Davey, anapeza mtovu ndi zinki pa tumapiri ta kuno. Anapacha dzina lakuti Broken Hill, potengera tauni ya migodi ya ku Australia. Eni dziko, Alenje, anali kudziwa kale za miyala ya pano, ndipo dzina la Kabwe linabwereranso mu 1966, ufulu utabwera. Mu 1906 njanji yocokera ku Livingstone inafika pa Broken Hill n'kuima. Kwa zaka zingapo, kufikira pamene inapitirira kulowera ku malire a Congo ca m'ma 1909, apa ndiye panali pothera sitima.

Manje ganizirani izi. Sitima yafika, yatsitsa nsalu, mcere, makalata, zitsulo za kumigodi ndi katundu wa maboma akutali. Kutsogolo kulibe njanji, kulibe tala, kulibe thiraki. Katundu yense uja ayenera kukwera pamsana pa bulu kapena pamutu pa munthu. Abulu ndi amtengatenga anali kusonkhana pansi pa mkuyu uwu, kumanga mitolo, kuwerengedwa, n'kuyamba ulendo wa kumpoto. Nthambi zake zimatambalala mamita pafupifupi 50, conco gulu lonse linali kukwana pamthunzi umodzi. Imeneyo inali Intercity ya nthawi ija, kungoti basi yake inali miyendo.

Apa ndiye pamandiwawa pang'ono. Tikamakamba za mtengo uwu timakonda kunena kuti "unali malo okumanirana", ngati kuti anthu anali kubwera kudzaceza. Ambiri mwa amene anakhala pansi pake sanabwere mwa kufuna kwao. Boma la azungu linaika msonkho wa nyumba wolipira ndi ndalama, ndipo munthu wa kumudzi analibe kwina kopezera ndalamayo koma kugulitsa mphamvu zake. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 zinafika poipa. Asilikali anali kumenyana ndi Ajeremani ku malire a kumpoto, ca ku Abercorn, imene lero ndi Mbala, ndipo cakudya cao cinali kutengedwa kucokera ku njanji ndi amtengatenga zikwizikwi. Ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Dzina la Davey mudzalipeza m'mabuku. Maina a awo mukafunse kuti?

Kenaka motoka inabwera n'kulanda nchito ya bulu. Msewu wa kumpoto unakula, tauni inamangidwa mozinga mtengo, ndipo mthunzi umene unali kusunga magulu a apaulendo unatsala ngati kacilumba pakati pa mashopu. Misewu ya pakati pa tauni inapimidwa pa nthawi imene eni mamotoka anali azungu owerengeka a kumgodi ndi ku njanji. Palibe anaganizirako tsiku limene mphunzitsi, nesi ndi alamu anga onse adzakhala ndi tumotoka tocokera ku Japan. Ndiye cifukwa cake ndinazungulira katatu.

Koma kunena zoona, sindikufuna kuti wina amve dandaulo langa n'kuthira konkire pansi pa mkuyu kuti ife alendo tizipaka bwino. Mizu ya mtengo wotere imayenda patali, pafupi ndi pamwamba pa nthaka, ndipo imafuna mpweya ndi madzi. Matayala akamaponda pamodzimodzi tsiku ndi tsiku nthaka imalimba ngati njerwa, mvula siilowa, mtengo umayamba kuuma mwakacetecete kucokera kunsonga. Bulu anali kusiyako ndowe. Corolla imasiya oilo. Mtengowu ndi cipilala ca dziko, uli m'manja mwa National Heritage Conservation Commission, koma cikwangwani sicithirira mizu.

Ndipo Kabwe idziwa kale kutaya malo a mbiri. Pa 17 June 1921, mu mgodi womwewu, Tom Zwigelaar ndi wanchito mnzake wacikuda, amene dzina lake silinalembedwe, anafukula cigaza ca munthu wakale kwambiri, cija ca Broken Hill Man. Akatswiri akuti cili ndi zaka pafupifupi 300,000. Cinatengedwa kupita ku London, ndipo mpaka lero cili ku Natural History Museum, ngakhale Zambia yakhala ikupempha kuti cibwerere. Nanga phanga limene cinapezekamo? Linakumbidwa pamodzi ndi mtovu, linatha. Mgodi nawo unatsekedwa mu 1994, n'kusiyira ana a m'makomboni apafupi ululu wa mtovu m'magazi. Mnzanga wina anandifunsa pa WhatsApp ngati pali popaka pafupi ndi pamene cigaza cinapezeka. Ndinamuyankha kuti vuto si popaka, vuto ndi pakuti palibe coti ukaone.

Ndinajambula mau anga kwa mphindi makumi awiri, mahutala akulowerera mu maikolofoni, ndipo sindinawacotse pokonza pulogalamu. Pobwerera ndinapeza mnyamata uja atakhala pa bampala, motoka ili bwinobwino. Ndinamufunsa ngati adziwa kuti nchito yake inayambira pansi pa mtengo uja, pa anthu olonda abulu. Anandiyang'ana, n'kuseka.

"Ba boss, ngati n'conco nchito ni yakale. Ikani K10."

Ndinaika.