Mawu Obwerera ndi Ntchito ya Purosesa m'Matchipi Ofinya Mawu

Pa mizere yambiri ya foni ya digito mawu a munthu amapimidwa maulendo 8,000 pa sekondi, ndipo muyezo uliwonse umalembedwa ndi ma bit 8, moti mzere umanyamula ma bit 64,000 pa sekondi, monga inakhazikitsira ndondomeko ya G.711 mu 1972. Codec, yomwe ndi njira yofinya mawu ponyamuka ndi kuwafutukula akafika, imachepetsa chiwerengerochi kwambiri, pakuti G.729, imene bungwe la ITU-T linavomereza mu 1996, imatumiza ma bit 8,000 okha, ngakhale kuti imayamba yadikira miyezo 80, ya mamilisekondi 10, kuti iiwerengere pamodzi monga chigawo chimodzi chotchedwa frame. Masamuwa amachitikira mu DSP, purosesa yopangidwira kuchulukitsa ndi kuphatikiza manambala mwachangu, imene mphamvu zake amaziyeza ndi MIPS, kutanthauza mamiliyoni a malangizo amene imatsiriza pa sekondi imodzi.

Kufinyako n'kumene kumaonetsera poyera vuto la echo, mawu a woyankhula obwerera m'khutu mwake. Pamene mawaya awiri ochokera kunyumba amalumikizana ndi mawaya anayi a kampani ya mafoni pamakhala kachipangizo kotchedwa hybrid, kamene sikalekanitsa bwinobwino mawu opita ndi obwera, choncho ena amathawira njira yobwerera. Akafika msanga khutu siliwasiyanitsa ndi mawu otuluka m'kamwa, koma ulendo wa mbali imodzi ukapitirira mamilisekondi pafupifupi 25, munthu amayamba kudzimva yekha ndipo amadodoma poyankhula. Kudikira frame, kuiwerengera ndiponso kusunga mapaketi a mawu ofinyidwa ofika mosiyana nthawi, zonsezi zimatalikitsa ulendowo, motero tchipi yofinya mawu imakakamizika kusenzanso ntchito yofafaniza echo.

Njira yofafanizira imene M. M. Sondhi wa ku Bell Labs anafotokoza mu 1967 imayenderana ndi masamu otchedwa LMS amene Widrow ndi Hoff anatulutsa ku Stanford mu 1960. Chofafanizira chimasunga mawu amene angotumizidwa kumene, n'kuwadutsitsa mu sefa ya manambala yoyerekeza mmene adzamvekere pobwerera, kenaka chimachotsa choyerekezacho pa mawu obwerawo, ndipo zotsalira ndi zimene sefayo imagwiritsa ntchito podzikonza. Nambala iliyonse ya m'sefamo imatchedwa tap, pomwe kutalika kwa nthawi imene sefa imakumbukira kumatchedwa tail. Apa ndi pamene pagona mtolo wa purosesa, chifukwa tail ya mamilisekondi 128 imafuna ma tap 1,024, omwe ndi kuchulukitsa maulendo 8,192,000 pa sekondi posefa pokha, ndi enanso ochuluka chimodzimodzi pokonza ma tap, ndipo zonsezi ndi za mzere umodzi basi.

Anthu awiri akayankhula nthawi imodzi, zomwe zimatchedwa double talk, sefa iyenera kuleka kudzikonza, apo ayi imayesa mawu a winayo ngati echo n'kusokonekera. Timawu totsala timadulidwa ndi gawo lotchedwa NLP, ndipo poti chete weniweni amachititsa womvera kuganiza kuti foni yaduka, tchipi imaikamo kaphokoso kapansipansi kotchedwa comfort noise. Ndondomeko ya G.168 ndi imene imalongosola mayeso a zonsezi. Kufafaniza kuyenera kuchitika mawu asanafinyidwe, popeza codec imawasintha m'njira imene sefa yotereyi singathe kuitsanzira.

Pogawa ma MIPS mainjiniya sawerengera nthawi imene mizere ili phee, koma nthawi imene yonse ikuyankhula, pakuti frame yosatsirizika pa nthawi yake imamveka ngati kuthetheka kapena kudukaduka kwa mawu. N'chifukwa chake VAD, gawo lozindikira ngati munthu akuyankhula limene lili mu Annex B ya G.729, imapulumutsa malo pa mzere koma siyenera kudaliridwa powerengera mphamvu ya tchipi. Chodalirika ndi Annex A, imene imachepetsa masamu a codec pafupifupi ndi theka pamene mawu amangotsika pang'ono ubwino wake. Kufupikitsa tail kumakopa chifukwa kumalola mizere yambiri pa tchipi imodzi, komatu echo yochedwa kuposa tail imadutsa yonse osakhudzidwa, ndipo NLP ikayesa kuibisa imadulira limodzi ndi mawu enieni a munthu.