DHIS2: Mmene pulogilamu ya ziwelengelo za umoyo imakonzedwela ndi kutulutsidwa

Mwezi uliwonse, zipatala za boma za m'makomboni monga Lilanda, George, Matero ndi Kanyama zimapeleka ciwelengelo ca ana olandila katemela, azimai obeleka ndiponso odwala malungo. Ziwelengelozi zimalowetsedwa mu DHIS2, pulogilamu ya pa kompyuta imene Unduna wa za Umoyo m'Zambia umagwilitsila nchito podziwa kumene matenda akuculuka ndi kumene mankhwala akufunika.

Nchito ya DHIS inayambila ku South Africa m'zaka za m'ma 1990, mogwilizana pakati pa University of the Western Cape ndi University of Oslo ya ku Norway. DHIS2 inayamba kugwila nchito mu 2006 m'dela la Kerala ku India, ndipo tsopano ili m'maiko opitilila 70.

Pulogilamuyi ndi ya mtundu wochedwa open source. Izi zitanthauza kuti malangizo onse amene amaiyendetsa ali poyela pa GitHub, ndipo aliyense angawaŵelenge, kuwatenga ndi kuwasintha popanda kulipila. Komabe, si aliyense amene angasinthe pulogilamu imene maiko amalandila. Udindo umenewo uli m'manja mwa likulu la HISP ku University of Oslo, limene lili ndi akatswili olembedwa nchito. Munthu wakunja akapeleka cosintha, akatswiliwo amayamba aciunika ndi kuciyesa asanacivomeleze, popeza colakwika cimodzi cingasokoneze malipoti a zipatala zambilimbili. Ndalama za nchitoyi zimacokela ku mabungwe monga Norad, Global Fund ndi Gavi.

Othandiza ena ndi magulu a HISP a ku Tanzania, Uganda ndi South Africa, komanso Saudigitus ya ku Mozambique. Iwo amaphunzitsa anchito a maboma ndi kupeleka zopempha zao ku Oslo. Ogwilitsila nchito amalemba zolakwika zimene apeza pa Jira, ena amamasulila pulogilamuyi m'zinenelo zosiyanasiyana, pomwe ena amapanga timapulogilamu toonjezela timene timaikidwa pa App Hub.

Kale mtundu watsopano unali kutuluka kangapo pacaka, ndipo manambala ake anali kuyamba ndi 2, monga 2.39 wa mu 2022. Mu 2023 kunatuluka mtundu 40, mu 2024 mtundu 41, ndipo mu 2025 mtundu 42. Kutulutsa kamodzi pacaka kumapatsa maiko mpata wokonzekela ndi wophunzitsa anchito ao. Mtundu uliwonse usanatuluke, umayamba wapelekedwa kwa oyesa a m'maiko osiyanasiyana kuti apeze zolakwika. Pakati pa caka pamatuluka tizigamba tokonza zolakwikazo ndi kutseka mipata imene akuba a pa intaneti angaloŵelepo.

Lamulo la likululi n'lakuti mitundu itatu yokha yaposacedwa ndiyo imalandila tizigamba timeneti. Dziko lililonse limayang'anila lokha ziwelengelo zake ndipo limasankha nthawi yosamukila ku mtundu watsopano. Dziko likacedwa zaka zambili, pulogilamu yake imatsala yopanda citetezo. Motelo, ngakhale kuti DHIS2 ndi yaulele, boma limafunikabe ndalama zolipilila akatswili, makina osungila ziwelengelo ndi maphunzilo a anchito a m'zipatala.