Masiku a vidiyo ya nkhonya pa Golomoti

Adzukulu anga, inu amene kanema mumaonera pa foni, dziwani kuti wailesi yakanema ya dziko lino inayamba mu 1999. Isanabwere, ife a ku Mua tikafuna kuona anthu akumenyana pagalasi tinkatsika wapansi kupita ku Golomoti kapena ku Mtakataka, nthawi ya chilimwe fumbi litakwera ndipo malambe atauma m'mitengo, m'thumba muli chimanga chokazinga ndi timakobidi togulitsira nkhuni. Nyumba ya vidiyo inali yamdima, mabenchi olimba, jenereta ikulira kuseri. Pobwerera usiku tinkayenda mogundana mapewa, kuopa afisi ndiponso kuopa kusochera n'kukatulukira kudambwe, pakuti mwana wosamva anamera nyanga pamphumi.

Chingerezi sitinkachimva, koma chibakera sichifuna womasulira. Tinkakonda mafilimu a mipikisano yobisika, yomwe boma silidziwa, kumene amuna a mitundu yonse amasonkhana kuti aone mwamuna ndani. Enter the Dragon ya 1973 ndiyo inali mfumu. Bruce Lee tinkamutenga ngati mbale, chifukwa anali wochepa thupi ngati mnyamata woweta mbuzi, koma ankagwetsa zimphona. Ndiye munali Jim Kelly, munthu wakuda ngati ife, tsitsi lake la bii, wodzidalira. Akangoonekera, nyumba yonse inkaimirira, mluzu ndi m'manja. Koma iye amaphedwa ndi Han, mwini chilumba chimene pankachitikira mpikisanowo, filimu isanafike kumapeto, ndipo ngakhale tepiyo tinaibwereza mpaka kutha, imfa imeneyo sitinaizolowere.

Bloodsport ya 1988, ya Jean-Claude Van Damme ndi Bolo Yeung, inatipweteka mwa mtundu wina. Mumpikisano wa ku Hong Kong uja munali wakuda wina womenya monyonyomala, akudumphadumpha ngati pusi. Ana ankaseka, akuluakulu ayi. Ife a dziko la a Kachindamoto, amene tinakula tikuona madoda a Chingoni akuponda ngoma, chishango kumanzere, chibonga kumanja, nthaka ikunjenjemera, tinkadziwa bwino mmene mwamuna wa kuno amaimira pankhondo. Akazi nawonso ankasowa m'mabwalo amenewo, mpaka atsikana athu anadzaona Cynthia Rothrock akuponya mwendo, nayamba kuopseza alongo awo kuchitsime.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mafilimuwo ankatichepetsa chonchi, pamene bwalo lathu la gule wamkulu silinkamana munthu malo. Pitani ku Chamare, nyumba yosungiramo za makolo ya ku Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher, Achisale, anayambitsa mu 1976 pamishoni ya ku Mua ya 1902, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe. Mukaona kuti gule wamkulu anam'patsa nkhope mzungu, Simoni wofiira uja, anam'patsanso Maliya. Nawonso ankasekedwa, inde, komatu ankavina gule wawo mpaka kumaliza, ng'oma zake zonse zikulira, amayi akuwaimbira ngati mmene ankaimbira Kasiyamaliro ndi Chadzunda.