Mau Akuti "Shabini" ndi Kumene Anachokera

Munthu woyenda pa msewu wochokera pa boma la Kasungu kupita ku Santhe, pa nyengo yogulitsa fodya, salephera kumva mau akuti shabini. Shabini ndiyo nyumba imene mwini wake amafululamo masese kapena kutcheza kachasu, nagulitsa pomwepo, kawirikawiri popanda chilolezo cha boma. Pakhomo pake sipasowa munthu wootcha kanyenya. Koma mauwa si athu ayi.

Makolo athu analibe dzina la nyumba yotere, pakuti mowa sunali malonda. Unali wa dima, wa chinamwali, kapena wa bona. Wolima nawo ndiye ankamwa, ndipo mlendo wodutsa ankalandira chipanda chake osalipa kanthu.

Mauwa anabadwira ku Ireland, kumene shebeen inali nyumba yogulitsiramo zakumwa mobisa. Anawoloka nyanja nafika ku South Africa. Kumeneko, m'chaka cha 1908, boma la Natal linapatsa makhonsolo a mizinda mphamvu yakuti iwo okha ndiwo azifulula ndi kugulitsa mowa wa anthu akuda, ndipo mzinda wa Durban ndiwo unatsogolera. Amayi amene ankalera ana ndi ndalama za mowa anasanduka olakwira lamulo tsiku limodzi. Sanaleke. Ankakwirira migolo pansi poopa apolisi, ndipo mu 1959 amayi a ku Cato Manor anaukira nyumba za mowa za khonsolo. Ine sindiwadzudzula amayi amenewo.

Anyamata athu opita ku Joni anamwa m'nyumba zobisikazo, ndipo pobwerera anatenga mauwa pamodzi ndi njinga ndi mabulangete. Mu 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown, boma linatseka njira ya ku migodi, pa nthawi imene maesiteti a fodya anali kuchuluka m'chigwa chino. Taganizani za tenanti wochokera ku Thyolo: alibe mbale womuitana ku dima, ndipo malipiro amawaona kamodzi pa chaka. Amamwa pa ngongole miyezi yonse, mayi wa shabini nalemba m'kope, kudikira tsiku la malipiro.

Pogwiritsa ntchito mauwa tisamale. Bara yokhala ndi chilolezo siitchedwa shabini, ngakhalenso malo omwera Chibuku. Mowa wa bona ukautcha wa shabini, akulu a mudziwo adzakufunsa ngati unaona munthu akupereka ndalama.