Mphuno, Nthenga ndi Zobisika M'magazi a Budgie

Munthu akamagula budgie, funso lake loyamba limakhala lakuti, "Kodi imeneyi ndi yaimuna kapena yaikazi?" Wogulitsa sachedwa kuyankha: yang'anani pamphunopo, pakakhala pa buluu ndi yaimuna, pakakhala pa bulauni ndi yaikazi. Yankho limeneli ndi loona, koma limagwira pa mbalame yokhwima ya mtundu wamba basi. Ambiri amene akhala chaka chathunthu akudikira mazira kwa mbalame ziwiri zazimuna anauzidwa mawu omwewa. Ine ndimaona kuti munthu sangadziwe bwino yaimuna ndi yaikazi asanaphunzire mayina a mitundu ya nthenga, chifukwa pa budgie zinthu ziwirizi n'zolukanalukana.

Budgie ndi kachinkhwe kochokera kumadera ouma a m'kati mwa Australia, kumene timbalameti timauluka m'magulu akuluakulu kufunafuna njere za udzu. Yakutchire imakhala yobiriwira, nkhope yachikasu, ndi timizere takuda kunkhongo, kumsana ndi m'mapiko. Katswiri wa mbalame John Gould ndiye anafika ndi zamoyo ku England mu 1840, ndipo za buluu, zoyera ndi zamawangamawanga zimene timaona lerozi zinachulukira m'makola a oweta. N'chifukwa chake mawu ambiri a ntchitoyi ndi achingerezi, ndipo oweta amawatchula momwemo.

Mawu oyamba ndi cere. Kameneka ndi kachikopa kopanda nthenga pamwamba pa mlomo, pamene pali timabowo tiwiri ta mphuno. Pa yaimuna yokhwima, cere imakhala ya buluu wowala, yosalala. Pa yaikazi imasinthasintha. Ikafika nyengo yoikira, imada n'kukhala ya bulauni, yokhakhala ngati nkhoko za m'poto. Nyengoyo ikapita, nkhokozo zimakanganuka ndipo pansi pamaoneka poyererako, mwina pa buluu wotuwa. Apa ndi pamene anthu amasokonezeka: amaona buluu n'kuthamangira kunena kuti ndi yaimuna. Bweretsani mbalameyo pafupi, pa kuwala kwa dzuwa, muyang'ane m'mbali mwa timabowo. Mukaona kuyera kozungulira bowo lililonse, imeneyo ndi yaikazi. Pa tiana zinthu zimachita ngati zatembenuka: kamwana kakamuna kamakhala ndi cere ya pinki wopita ku pepo, yofanana paliponse, pamene kakakazi ndi kamene kamaoneka ka buluu wotuwa ndi kuyera kuja.

Choncho musanaweruze, dziwani msinkhu. Kamwana kamakhala ndi timizere takuda kuchokera pamutu mpaka pa cere, ndipo oweta amakatcha barhead. Timizereto timachoka pachipumi kakasintha nthenga koyamba, pa miyezi itatu kapena inayi. Diso la kamwana ndi lakuda lonse; mkombero woyera wozungulira kamwanadiso umabwera pambuyo pake.

Koma pali mitundu ina imene yaimuna yake sifika pa buluu ngakhale ikalambe. Lutino (yachikasu), albino (yoyera) ndi recessive pied (yamawangamawanga) zazimuna zimakhala ndi cere ya pinki kapena pepo moyo wonse. Recessive pied, imene inadziwika ku Denmark mu 1932, ilibenso mkombero woyera m'diso, moti nkhalamba yake ikhoza kugulitsidwa ngati kamwana.

Kuti timvetse mayinawa tiyambe ndi nthenga yeniyeniyo. M'nthenga ya budgie mulibe utoto wobiriwira, mulibenso wa buluu. Muli utoto wa mitundu iwiri: wakuda, wotchedwa melanin, ndi wachikasu, wotchedwa psittacofulvin, umene umapezeka mwa zinkhwe zokha. Buluu amabwera chifukwa cha kapangidwe ka m'kati mwa nthenga, mmene muli timphako ting'onoting'ono timene timabweza kuwala kwa buluu, melanin n'kumeza kuwala kotsalako. Chikasu chikakhala pamwamba pa buluu ameneyu, diso limaona zobiriwira. Mukachotsa chikasu, thupi limatsala la buluu ndipo nkhope imayera. Mukachotsa melanin, mbalame yobiriwira imasanduka yachikasu yonse ndi maso ofiira, imeneyo ndiye lutino. Ya buluu imasanduka yoyera, ndiye albino. Lutino ndi albino ndi kusintha kumodzi, kotchedwa ino, kungoti kwagwera pa mbalame zosiyana. N'chifukwa chake oweta amagawa budgie zonse m'mabanja awiri, green series ndi blue series. Ya buluu inaoneka ku Belgium cha m'ma 1878, koma panapita zaka zoposa 130 jini yake isanadziwike: mu 2017 ofufuza a ku Stanford anafalitsa m'magazini ya Cell kuti buluu amabwera chifukwa cha kusintha kochepa kwambiri mu jini imodzi yopanga chikasu chija.

Mawu amene ndimawaona kuti ndi msana wa ntchito yonseyi ndi split. Mbalame iliyonse imalandira jini imodzi kwa bambo, ina kwa mayi. Jini ya chikasu imaphimba ya buluu, choncho imatchedwa dominant, ndipo yophimbidwayo ndi recessive. Mbalame imene yalandira imodzi ya uku ina ya uko imaoneka yobiriwira ndithu, koma yanyamula buluu m'magazi. Imeneyo ndiye split, ndipo polemba amaika kamzere kopendekera, green/blue: kumanzere zimene diso likuona, kumanja zimene zabisika. Mukaphatikiza ziwiri zoterezi, dzira lililonse lili ndi mwayi umodzi mwa inayi wotulutsa kamwana ka buluu. Awa ndi masamu omwe aja a Gregor Mendel ndi nsawawa zake ku Brno mu 1865. Koma budgie imaikira mazira 4 mpaka 6 pa ulendo umodzi, ndiye musadabwe kupeza tiana ta buluu titatu m'chisa chimodzi, china osapezamo ngakhale kamodzi. Mwayiwo umaoneka bwino mukawerenga zisa zambiri. Chotsimikizika n'chakuti ziwiri za buluu weniweni sizingaswe kamwana kobiriwira, popeza zonse zilibe chikasu choti zipereke.

Dark factor, jini yochititsa mtundu wa nthenga kuderapo, imene inaoneka ku France mu 1915, ndi yosavuta chifukwa sibisala. Ikakhala imodzi, light green imakhala dark green ndipo skyblue imakhala cobalt. Zikakhala ziwiri, timapeza olive ndi mauve.

Pokoma penipeni ndi pa mitundu yotchedwa sex-linked, pamene mtundu wa nthenga umakuuzani ngati mbalame ndi yaimuna kapena yaikazi. Kwa anthu, mwamuna ndi amene ali ndi makoromozomu awiri osiyana, X ndi Y. Kwa mbalame ndi mosemphana: yaimuna ili ndi Z awiri, yaikazi ili ndi Z ndi W. Majini a ino, opaline ndi cinnamon amakhala pa Z. Yaimuna imafunika kulandira jiniyo kawiri kuti ioneke, ikalandira kamodzi imangokhala split. Yaikazi ili ndi Z mmodzi yekha, wochokera kwa bambo ake, ndiye chilichonse chimene chili pamenepo chimaonekera poyera. Munthu akakugulitsani yaikazi n'kunena kuti ndi split lutino, ndiye kuti nkhaniyi sakuidziwa, chifukwa yaikazi ilibe pobisa jini yotere.

Tengani lutino yaimuna muiphatikize ndi yaikazi yobiriwira wamba. Tiana tonse tachikasu tidzakhala tatikazi, tonse tobiriwira tidzakhala tatimuna tonyamula ino. Simufunikanso kudikira nthenga. Pakatha masiku 18 akufungatira, kamwana kamatuluka kopanda nthenga, maso otseka, koma kudzera m'kachikopa ka diso mumaona ndithu: kena kali ndi timadontho tiwiri takuda, kena maso ake akufanana ndi khungu lofiirira. Kopanda mdima m'masoko n'kakakazi, ndipo mwadziwa tsiku lomwelo. Mukatembenuza, yaikazi n'kukhala lutino, yaimuna wamba yosanyamula kanthu, simudzapeza kamwana kachikasu ngakhale kamodzi. Jiniyo imalowa mwa ana aamuna n'kudzatulukira mwa zidzukulu zazikazi. Opaline, imene inatuluka m'zaka za m'ma 1930 ku Scotland ndi ku Australia, imayenda njira yomweyo. Imadziwika ndi kuchepa kwa timizere kunkhongo, ndi mtundu wa thupi umene umalowerera pamsana ndi m'mapiko. Cinnamon imasandutsa mizere yakuda kukhala ya bulauni.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chizolowezi chotchula mbalame iliyonse yachikasu kuti lutino ndi yoyera iliyonse kuti albino. Pali njira zitatu zodziwika bwino zofikira pa mbalame yachikasu yonse, ndipo chosiyanitsa ndi diso. Lutino ili ndi diso lofiira. Double factor spangle, yolandira kawiri jini ya spangle imene inatuluka ku Australia m'zaka za m'ma 1970, ili ndi diso lakuda ndi mkombero woyera ikakula. Dark-eyed clear, imene imabwera pophatikiza recessive pied ndi clearflight pied, ili ndi diso lakuda lopanda mkombero. Zikatera pamtengo umodzi zimafanana, koma ana ake adzasiyana kutalitali, ndipo lamulo lija lodziwira yaikazi m'chisa limagwira pa lutino yokha.

Cere imanenanso za thanzi, ndipo apa m'pofunika kusamala. Yaimuna yokhwima imene cere yake ya buluu yayamba kusanduka bulauni sinasanduke yaikazi. Nthawi zambiri chimenechi ndi chizindikiro cha chotupa m'ziwalo zoberekera, ndipo ikufunika dokotala wa ziweto. Zoyera zokhakhala zokhala ndi timabowo tambirimbiri, zofalikira pamlomo ndi m'miyendo, ndi tizilombo ta scaly face, osati nyengo yoikira.

Mawu onsewa amagwira ntchito pokhapokha bambo ndi mayi a kamwana akudziwika. M'khola lalikulu mmene mbalame zonse zimaswana mosakanikirana, yaimuna imene mukuiona ikudyetsa yaikazi pakhomo la bokosi si nthawi zonse imakhala mwini mazira onse. Oweta amene amafuna kudziwa zimene zili m'magazi amapatula ziwiriziwiri, amaveka kamwana kalikonse mphete ya nambala kumwendo kakatha pafupifupi sabata imodzi, zala zisanakule, n'kulemba m'kope nambalayo, makolo ake, mtundu wa maso pa tsiku loswa, ndi zimene kangakhale katanyamula kuseri kwa kamzere kopendekera kaja.