Dokotala Sócrates ndi Chikho Chimene Sadatenge

Pa 5 Julaye 1982, m'bwalo la Sarrià mumzinda wa Barcelona ku Spain, timu ya dziko la Brazil inkangofunika kulepherana mphamvu ndi Italy kuti ipitirire mumpikisano wa Chikho cha Dziko Lonse. Paolo Rossi adagoletsa chigoli choyamba, koma kaputeni wa Brazil, munthu wamtali ndi wandevu, adalandira mpira kwa Zico nabweza chigolicho. Rossi adagoletsanso, Falcão nabwezanso. Pamenepa ochenjera akadatseka pakhomo n'kudikira kuti nthawi ithe. Anyamata a mphunzitsi Telê Santana sadatero: adapitirira kusewera monga adazolowera, mpaka Rossi adagoletsa chachitatu, iwo nabwerera kwawo chimanjamanja.

Kaputeni uja anali Sócrates. Atapuma pa mpira, anthu ankamufunsabe za tsiku limenelo, ndipo maganizo ake sadasinthe: pa masewera, choyamba ndi kukongola kwake ndi chimwemwe chimene amapatsa anthu, kupambana kumadza pambuyo. Wina anganene kuti awa ndi mawu odzitonthoza a munthu wogonja. Ine sindikuganiza choncho, pakuti mbiri yake isonyeza kuti adali wokonzeka kutaya zinthu zazikulu chifukwa cha zimene ankakhulupirira.

Adabadwira ku Belém m'chaka cha 1954, nakulira ku Ribeirão Preto. Bambo ake, a Raimundo, anali munthu wodziphunzitsa yekha ndi wokonda mabuku, n'chifukwa chake adapatsa mwanayo dzina la mphunzitsi wakale wa ku Greece, amene ankavutitsa anthu ndi mafunso. M'chaka cha 1964 asilikali adalanda boma la Brazil, ndipo mnyamata wa zaka khumi uja adaona bambo ake akuwononga ndi manja awo mabuku amene ankawakonda, poopa kumangidwa. Mwana saiwala tsiku limene adaona mantha pankhope ya bambo ake. Adaphunzira za udokotala pa yunivesite kwinaku akusewera m'timu ya Botafogo ya mumzinda wakwawo, ndipo sadalole kupita ku timu yaikulu asadamalize maphunziro. Adalandira digiri mu 1977, nalowa m'timu ya Corinthians ya ku São Paulo mu 1978. Sadali wothamanga kwambiri. Nzeru zake zinali m'maso ndi m'chidendene, pakuti ankatha kupereka mpira kwa mnzake amene ali kumbuyo kwake osacheuka n'komwe.

Ku Corinthians n'kumene maganizo ake adaonekera poyera. Masiku amenewo wosewera mpira ku Brazil ankasungidwa ngati mwana wa pasukulu yogonera. Masewera akamayandikira, ankamutsekera m'hotela, kumuuza nthawi yodyera ndi yogonera, ngakhale akhale bambo wa ana. Sócrates ankati munthu amene simumukhulupirira kuti angadzisamale yekha usiku umodzi, simungayembekeze kuti aganize yekha ali m'bwalo. Chakumapeto kwa 1981 timuyo idapeza mkulu watsopano woyang'anira mpira, Adilson Monteiro Alves, amene anali wokonzeka kumvera. Sócrates, pamodzi ndi Wladimir, Casagrande ndi anzawo, adayambitsa mwambo woti nkhani zonse za timu zizigamulidwa ndi voti: nthawi yonyamukira pa ulendo, wosewera woti agulidwe, ngakhale nkhani yogona m'hotela ija, imene adaichotsa kwa okwatira. Voti ya katswiri inali yofanana ndi ya wosamala jezi ndi nsapato, yofanananso ndi ya bwana. Anthu adautcha mwambowu Demokalase ya Corinthians.

Tikumbuke kuti zimenezi zinkachitika m'dziko limene nzika zake zidatha zaka pafupifupi makumi awiri osasankha zokha mtsogoleri wa dziko. Anthu amene sakadatsegula buku la ndale ankaona Lamulungu lililonse kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo denga limene anyamatawa adasenzera pamodzi silidagwe: Corinthians idatenga chikho cha chigawo cha São Paulo mu 1982 ndi mu 1983. Chisankho cha abwanamkubwa chitayandikira, pa 15 Novembala 1982, osewera adavala jezi zolembedwa kumsana mawu olimbikitsa anthu kukavota. Pa masewera omaliza a 1983 adalowa m'bwalo atanyamula nsalu yonena kuti kupambana kapena kugonja, chofunika n'chakuti zikhale mwa demokalase.

Mu Epulo 1984, pa msonkhano wa anthu oposa miliyoni imodzi ku São Paulo, Sócrates adalonjeza kuti ngati Nyumba ya Malamulo ivomereza kuti anthu azisankha okha pulezidenti, iye akana ndalama za ku Italy n'kukhalabe kwawo. Pa 25 Epulo aphungu 298 adavomereza, koma mavoti 22 adaperewera. Iye adapita ku Fiorentina, kumene adakhala chaka chimodzi chokha wosasangalala. Ulamuliro wa asilikali udatha mu 1985, ndipo anthu adasankha okha pulezidenti mu 1989, chaka chimenenso iye adasiya kusewera. Pakati apo, mu 1986 ku Mexico, adaphonya penate pamene France inkatulutsa Brazil mumpikisano. Adasewerera dziko lake maulendo 60 nagoletsa zigoli 22. Chikho chimene chidamulaka, mng'ono wake Raí adachigwira mu 1994, m'timu yosamala kwambiri ndi yosakumbukika kwenikweni.

Atapuma adagwirako ntchito ya udokotala, koma adadziwika koposa ndi zolemba zake m'magazini ya CartaCapital ndi zoyankhula zake pa wailesi yakanema. Ankadzudzula mosabisa akuluakulu oyendetsa mpira ku Brazil. Ankadandaula kuti ana aumphawi amachotsedwa pasukulu n'kusandutsidwa malonda, pamene dziko lonse limamvera mawu a wosewera mpira kuposa a mphunzitsi. Motero wosewera wosaphunzira ndi mwayi wotayika kwa mtundu wonse. Ankatinso osewera amakono amathamanga kwambiri kotero kuti bwalo lawachepera, ndipo luso likusowa popumira. Mankhwala amene dokotalayu adalemba ndi odabwitsa: timu iliyonse ikhale ndi osewera asanu ndi anayi m'malo mwa khumi ndi mmodzi. Palibe amene adamumvera, komatu amene amaonera mpira wa masiku ano, anthu makumi awiri atapanikizana pakati pa bwalo, sangaseke msanga.

Pali mbali ina imene sitingaidumphe. Ufulu umene ankamenyera anzake, iye mwini adaugwiritsa ntchito modzipweteka. Ankasuta fodya ndi kumwa mowa kuyambira ali wosewera, ndipo sankabisa. Ankafuna kuti anthu amulandire monga m'mene adaliri. Pamenepa ndisiyana naye. Munthu amene ankadziwa bwino ntchito ya chiwindi kuposa ochemerera ake onse sakadayenera kutcha ukapolo wotere ufulu, ndipo ana ake asanu ndi mmodzi anali ndi voti yawo pa nkhaniyi, imene sidawerengedwe. Mu Ogasiti ndi mu Seputembala 2011 adagonekedwa m'chipatala akutaya magazi m'mimba, ndipo m'miyezi imeneyo adavomera poyera kuti mowa ndiwo udamufikitsa pamenepo.

Adamwalira m'bandakucha wa Lamulungu, pa 4 Disembala 2011, m'chipatala cha Albert Einstein ku São Paulo, ali ndi zaka 57. Madzulo a tsiku lomwelo Corinthians inkakumana ndi Palmeiras m'bwalo la Pacaembu. Masewera asadayambe, osewera adaima pakati pa bwalo atakweza nkhonya m'mwamba, monga iye ankachitira akagoletsa chigoli, ndipo anthu m'mipando adachita chimodzimodzi. Masewerawo adatha popanda chigoli, ndipo Corinthians idatenga chikho cha ligi ya Brazil.